Chilombo cha Dothi M'nkhokwe ya aNyakumwenda

Ngati munagulapo mbaula yadothi pamsika wa Chama, ija yosunga moto mpaka nyemba kupsa, n'kutheka kuti inachoka m'manja mwa Ackim Goma. Ndi bambo wamtali, woonda, wazaka zoyandikira makumi anayi. Amabwera Lachiwiri ndi Loweruka panjinga, mbaula zinayi atazikulunga m'udzu pakaliyala. Sakuwa poitana ogula ngati anzake a tomato. Munthu akaima, iye amangogogoda mbaula ndi chala kuti aimve kulira kwake, basi malonda athera pomwepo. Ukanenerera mtengo amakuyang'ana mpaka umadzimvera wekha chisoni.

Ine ndine Hellen, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale pabomapa. Ine ndi Ackim tinali m'kalasi imodzi ku Kambombo tili ana, ndipo ndinamulakwira cholakwa chimene mpaka lero chimandikhala pakhosi.

Tinafika ku Kambombo mu 1997 kuchokera ku Kabwe. Bambo anga, a Phillip, anatumizidwa kukagwira ntchito pakiliniki. Sanali dokotala weniweni, koma kumeneko aliyense wovala chovala choyera anali adokotala, ndiye ine ndinasanduka mwana wa adokotala. Dzinalo ndinalikonda kuposa langa. Mu giredi 4 yonse wovala nsapato ndinali ndekha, ndipo ndinkayenda moti aliyense azimve kugunda kwake.

Ndinabweranso ndi chinsinsi. Tsiku lomaliza pasukulu yanga yakale ndinatenga buku m'kabati ya aphunzitsi n'kuliika m'chikwama. Linali la chikuto chobiriwira, lodzaza zithunzi za madainoso, zinyama zikuluzikulu zija zimene zinatha kalekale anthu asanakhaleko. Patsamba loyamba panali chidindo cha sukuluyo, chachikulu, chosafufutika. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo ankanena kawirikawiri kuti mwana wakuba m'nyumba mwawo si wawo. Lamba wawo sankangomangira buluku. Choncho bukulo linkagona pansi pa sutikesi, ndipo kusukulu linkapita litabisala m'kati mwa juzi.

Ndinalitulutsa tsiku lina pa nthawi yopuma, osati chifukwa cha chifundo, koma kuti anzanga andizungulire. Anandizunguliradi. Anaseka, ena anati ndi abuluzi otupa, kenako mpira wamapepala utaponyedwa onse anabalalika. Anatsala mmodzi yekha, mnyamata wa kabudula wazigamba ndi miyendo yotuwa. Anapita kumjigo, anasamba m'manja, anapukutira m'malaya, n'kubwera kudzapempha kuti agwireko tsamba. Ameneyo anali Ackim.

Kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso mpata wopuma. Chingerezi sankachidziwa, ndiye ine ndinali womasulira, ndipo pamene sindinkadziwa ndinkangopeka. Iye ankameza zonse.

"Manje ichi cha khosi chinali kudya chani?"

"Masamba."

"Masamba chabe? Thupi lonse ili? Nanga njovu ikakumana nacho, angathawe ndani?"

Nditamuuza kutalika kwa chinyama chija, anayeza ndi mapazi kuchokera pakhomo la kalasi. Anakafika kuseri kwa mjigo, anatembenuka, n'kuima pamenepo pakamwa pali yasa. Anabwerera akunena kuti njovu zimene zimawathera chimanga zikanakhala ngati mbuzi pamaso pa chimenechi. Anayamba kutola miyala m'khwawa n'kumandibweretsera kuti ndione ngati si mafupa. Ankajambula madainoso pamchenga, pakhoma la chimbudzi, ndi kumbuyo kwa kope la masamu, ndipo chifukwa cha kopelo anadya zikoti kangapo. Ine zinkandisangalatsa kukhala ndi munthu wonditsatira ngati mwanapiye. Sindinganene kuti ndinkamutenga ngati mnzanga.

Lachisanu masana linali la ntchito zamanja, ndi aphunzitsi athu a Zimba. Phunziro limeneli tonse tinkadziwa kumene limathera. Masache, mithiko, zipande ndi mphasa tikapanga, ankazichonga bwinobwino, ndipo mawa lake unkazipeza kunyumba za aphunzitsi zikugwira ntchito. Koma teremu yachiwiri ya giredi 5 a Zimba analengeza zachilendo: aliyense aumbe chinthu ndi dothi, ndipo zokongola zidzapita kuchionetsero ku boma. Anyamata anathamangira ng'ombe zamalinunda, atsikana timiphika. Ine ndinaumba kapu, ndinaiyanika padzuwa monga mwana wa m'tauni, ndipo pofika madzulo inali itang'ambika pakati.

Ackim anaseka mpaka misozi. Iye dothi ankalidziwa, pakuti mayi ake, aNyakumwenda, anali woumba mbiya wodziwika m'dera lonselo. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wosachedwa kuseka, ndipo mitsuko yawo inkafika mpaka kumidzi ya kutali. Ackim anakula akuwaona akusinja mapale akale n'kusakaniza ndi dongo kuti chiwiya chisaphulike pamoto. Anandiuza kuti choumba sachionetsa dzuwa. Chimauma pamthunzi, pang'onopang'ono, masabata awiri, kenako ndiye kuotcha.

Iye sanafune ng'ombe. Anatapa dongo la mayi ake mobisa n'kukaumbira kuseri kwa chulu. Kawiri konse khosi linagwa, mpaka anatola sipoko ya njinga n'kuilowetsa m'kati. Posafuna kukondera, anaphatikiza zinyama zitatu za m'buku: khosi lalitali la china, minga yapamsana ya china, ndi kukamwa kwa chija chodya zinzake. Chinatuluka chachikulu ngati tambala. Maso anaika mikanda iwiri yoyera imene inaduka pamkanda wa mayi ake. Mano ankafuna ofiira, ooneka ngati changodya kumene nyama, ndiye anatola njere za chimanga chofiira chamakolo m'mphepete mwa munda wa a Gordon, oyandikana nawo. M'mudzi monsemo chimanga chamtundu umenewo ankalima a Gordon okha.

Anandiitana kuti ndikachione. Kunena zoona, sindinaonepo chinthu chokongola chotero chopangidwa ndi mwana, ngakhale lero pamene ndaphunzitsa ana mazanamazana. Ndinamva nsanje, ndipo ndinangoti mchira wafupika.

Vuto linali poumitsira. M'nyumba mwawo munali chipinda chimodzi, ndipo mayi ake akanaona kuti dongo lawo laseweretsedwa. Malo amthunzi, opita mphepo, osafika ana ndi mbuzi, analipo amodzi okha. Anakwera nkhokwe ya mayi ake, anachikhazika pamwamba pa chimanga, n'kubwezera denga.

Chaka chimenecho munda wa aNyakumwenda unabereka, nkhokwe inadzaza mpaka pakamwa. Wa a Gordon, wogundana nawo malire, unakanika. Njovu zinadutsamo kamodzi, komanso anthu ankadziwa kuti mwini wake amapalira mochedwa chifukwa chokonda kukhala kumowa. Koma munthu sadziloza yekha chala. Kumeneko anthu ambiri ankakhulupirira kuti pali ena amene amasunga kanthu m'nkhokwe kokoka chimanga cha m'minda ya anzawo, ndipo a Gordon anali atayamba kale kufunsa pamowa kuti mkazi wopanda mwamuna amadzaza bwanji nkhokwe.

Tsiku lina m'mawa nkhuku ya a Gordon inasowa, ndipo poganiza kuti ikuikira m'nkhokwe ya aNyakumwenda, anakwera n'kusuzumira. Anakumana maso ndi maso ndi chilombo cha maso amikanda, chitakhala pachimanga, m'kamwa mwake muli njere za m'munda mwawo. Akuti kukuwa kwawo kunamveka mpaka kukiliniki.

Ackim ananena pomwepo kuti ndi ntchito ya kusukulu, ndiye nkhani inabwera kusukulu. Anatchulanso kuti chithunzi anachiona m'buku la Hellen, ndiye ahedi anaitanitsa ine ndi bambo anga. Tinakumana mu ofesi ya ahedi masana. Chilombo chinali patebulo, ndipo palibe amene ankafuna kuyandikana nacho. M'mawindo munali mitu yokhayokha. ANyakumwenda anakhala pansi pafupi ndi chitseko, nsalu atafunda kumutu.

A Zimba anayamba ndi kudzichotsapo. "Ine ninauza ana kuti aumbe ng'ombe, miphika, zinthu zodziwika. Ichi sininatume munthu."

Ahedi, amene anali ochokera ku Chipata, anayesa kuthandiza. Anafotokoza kuti nyama zotere zimapezekadi m'mabuku, ngakhale pasukulupo panalibe buku lotero.

"Chabwino," anatero a Gordon. "Ngati zili m'buku, tione bukulo. Mwana uyu sanafikepo ngakhale pa Chama. Chinthu chopanda dzina m'Chisenga chathu anachiona kuti? Manje chimanga changa chikuchita chani m'kamwa mwake? Bweretsani buku, ine nipepesa pamaso pa anthu onsewa."

Nkhani yonse inatsalira pamenepo. Buku likanabwera, aNyakumwenda akanatuluka mu ofesimo dzina lawo lili loyera. Bukulo linali pansi pa sutikesi, mtunda wosakwana mphindi zisanu.

Bambo anga za ufiti sankazikhulupirira, ndipo ndinaona kuti nkhaniyo ikuwanyansa. Koma analankhula zimene ankadziwa. "M'nyumba mwanga mabuku onse nimawadziwa, nimagula ndine. La zinyama izi mulibe." Kenako anatembenukira kwa ine. "Hellen, uli nalo buku lotere? Unalitenga kuti?"

Funso lachiwirilo ndi limene linandimaliza. Ndinaona chidindo chija m'maso mwanga, ndinaona lamba, ndinaonanso anthu a m'mawindo akumva kuti mwana wa adokotala ndi wakuba.

"Nilibe," ndinatero.

"Hellen," anatero Ackim, mawu ali pansipansi, ngati akundikumbutsa chinthu chimene ndangoiwala. "Lija lobiriwira. Lija umabisa mu juzi."

"Sinidziwa zimene akamba. Sininamuonetsepo buku ine."

Sanakuwe, sanalire. Anangondiyang'ana modabwa. Mayi ake anamufunsa kanthu m'Chisenga, iye anayankha, iwo n'kuweramitsa mutu. Panja anthu anayamba kung'ung'udza. A Gordon ananyamula chilombo chija ndi makasu awiri, anakachiphwanya pabwalo ana onse akuona, ndipo zidutswa anazitentha ndi udzu.

Nditafika kunyumba ndinadikira kuti mayi apite kumjigo, ndinatulutsa buku lija n'kukaliponya m'chimbudzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kwa nthawi yaitali ndinkabisala kuseri kwa zaka zimenezo, koma mwana wazaka khumi ndi chimodzi amene amadziwa kudikira kuti mayi ake achoke kaye amadziwa chimene akuchita.

ANyakumwenda palibe anawamenya. Zimene zinachitika zinali zapang'onopang'ono. Mitsuko yawo inasiya kugulidwa, ndipo ena amene anagula kale anakaitaya kuthengo. Akafika pamjigo, amayi ankachotsa zidebe zawo pamzere. Kutchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala yopanda anthu. Mwana akadwala m'mudzi, maso onse ankaloza kunyumba kwawo. Ackim anabwera kusukulu sabata imodzi yokha, anzake akumutcha mwana wa chilombo, kenako anasiya. Mvula isanagwe, iye ndi mayi ake ananyamula katundu pamutu n'kusamukira ku Chikwa kwa alongo awo a mayiwo. Ndinawaona akudutsa kuseri kwa kiliniki, ndipo ndinabisala kumbuyo kwa thanki yamadzi.

Kuchionetsero ku boma kunapita ng'ombe ziwiri ndi kamphika kamodzi. Chaka chotsatira bambo anasamutsidwa, ndipo ine ndinapitiriza sukulu bwinobwino ngati palibe chinachitika.

Za moyo wa Ackim pambuyo pake ndinazimva kwa iye mwini chaka chathachi. Ku Chikwa sukulu sanabwererenso, chifukwa mbiri inafika iwo asanafike. Analima ndi amalume ake, anagona m'misasa ya kumunda kuingitsa njovu, ndipo atakula pang'ono anayamba kuumba njerwa. Mayi ake anasiyiratu zoumba, moti mphika wophikira ankachita kugula kwa ena. Iye anakwatira Tryness, mkazi wolankhula ngati anthu awiri, ndipo ali ndi ana atatu. Makala atayamba kudula, anayesa kuumba mbaula mmene mayi ake ankaumbira mbiya, ndi mapale osinja, ndipo zake sizinkang'ambika. Ndi zimene zinamubweretsa pafupi ndi boma, kumene ogula ali. Mwana wake woyamba ali giredi 9, ndipo akamanena zimenezi ndi pokhapo pamene mawu ake amakwera.

Ine ndinatumizidwa ku Chama mu 2022. Kalata itabwera ndinayesa kusinthana ndi anzanga atatu, onse anakana. Sabata yachiwiri ndinamuona Ackim pamsika ndipo ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Kwa miyezi isanu ndi itatu ndinkagula ndiwo mozungulira, kupewa mzere wa mbaula. Ndinkadziuza kuti anaiwala, kuti zinali zachibwana, kuti kukumbutsa munthu zakale n'kumupweteka kawiri. Koma mlandu suola. Teremu ina ana anga a giredi 4 anafunika dongo, ndipo ahedi anati pa Chama ponse wodziwa pokumba dongo labwino ndi a Goma a mbaula, ndipite ndikawapemphe.

Ndinapita Lachinayi masana. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango akuponda dothi ndi mapazi, buluku atapinda. Tryness anandipatsa mpando, anandifunsa za kwathu, za ana, za mpingo, zonse mpweya umodzi, kenako anapita kukatunga madzi.

"Mwabwera, amadamu," anatero Ackim.

Ndinanena za dongo, iye anavomera mosavuta. Kenako ndinadziulula.

"Ba Ackim, ine ndine Hellen. Mwana wa adokotala, ku Kambombo."

"Ninakudziwani kale. Mumapita njira ya kunsomba kuti musapite pa ine."

Ndinayamba kulankhula, ndipo mawu amene ndinawakonza kwa zaka zambiri anatuluka mosalongosoka. Ndinamuuza kuti buku linalipo, kuti ndinaliba ku Kabwe, kuti ndinaopa bambo, kuti ndinaliponya m'chimbudzi tsiku lomwelo. Ndinati ndinalakwa, ndipo ndikupempha kuti andikhululukire. Ndinalira, munthu wamkulu, mphunzitsi, pakhomo pa eni ake.

Iye anatuluka m'dothi muja, anakhala pachitsa, n'kumachotsa matope pakati pa zala zakumapazi ndi kamtengo.

"Kuti buku linalipo nidziwa, amadamu. Ninaligwira na manja anga. Simufunika kuniuza ine."

"Nanga amayi ali kuti? Nifuna nikawagwadire, niwauze na pakamwa panga."

"Anamwalira. Chaka chino n'chachisanu na chimodzi."

Ndinagwira pakamwa. Ndinati mwina anapita akundida, ndipo anali ndi chifukwa.

"Iyayi," anatero. "Inu sanakudeni olo tsiku limodzi. Anali kukukhulupirirani."

Sindinamve bwino, ndiye anafotokoza, mosakweza mawu, akuyang'ana kamtengo kake.

"Amayi sanapite kusukulu. Buku sanalionepo. Anamva adokotala akuti kulibe, anamva mwana wa adokotala akuti kulibe. Manje iwo akanaganiza chani? Anati anthu ophunzira, opemphera, sanganame pa ife osauka, apindulapo chani? Ndiye anaona kuti wonama ndine. Anaganiza kuti pali munthu ananipatsa chinthu chija, kapena ananiphunzitsa zoipa, ine n'kumubisa. Anthu akamawanena iwo, sanali kuyankha, chifukwa anali kuganiza kuti akubisira mwana wawo."

Anataya kamtengo kaja.

"Ananipititsa kumapemphero, ananipititsa kwa asing'anga kuti anisanzitse. Chaka chilichonse tikakolola anali kukwera nkhokwe yanga kuyang'anamo, ati akuona ngati muli anankafumbwe. Ine n'nali kudziwa chimene afuna. Mwana wanga woyamba atabadwa, anauza Tryness kuti asamanisiyire mwana nekha. Sabata yomaliza, ali pamphasa, ananigwira dzanja. Anati, Ackim, ine nipita, manje niuze chabe zoona, anakupatsa ndani chija? Ninati amama, ninaona m'buku. Anatembenukira kukhoma."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndinawalanda mudzi, malonda ndi sukulu, ndipo ndinkayesa kuti ndaudziwa kukula kwake mlandu wanga. Sindinadziwe kuti ndinalowa pakati pa mayi ndi mwana wake n'kukhalapo zaka makumi awiri.

"Za kukhululuka, ine nilibe nanu chifukwa," anatero. "Munali mwana. Dongo mutume ana Loweruka m'mawa, abwere na masaka."

Ndinafunsa kumene anaikidwa. Ndinati ndikufuna ndipite kumanda, ndikanene zoona kumeneko, ngakhale pamaso pa abale onse.

"Ali ku Chikwa. Njira ni yabwino manje, mvula ikalibe kuyamba. Mungapite." Anaimirira n'kubwerera m'dothi lake. "Koma amene anali kufuna kumva ni mmodzi chabe, amadamu. Mukauza ndani?"

Anayambanso kuponda. Tryness anabwera ndi chidebe pamutu, anaona nkhope yanga, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni sananene kanthu.